Tikapita kwa eni, ufa uzitsala kunyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya zokopa alendo. Nkhaniyi ikatuluka, kaya m'nyuzipepala kaya pa wailesi, mlendo amene akunenedwayo amakhala mzungu wa chikwama kumsana yemwe watsikira pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo ife gawo lathu n'kumumwetulira ndi kumuonetsa njira ya ku Salima. Zoti Mmalawi nayenso akhoza kunyamuka ndi mkazi wake kapena mwamuna wake kukaona dziko la eni ndi kulawa zophika zawo, sizimveka. Chonsecho kuyenda timayenda ndithu. Mabasi a ku Dar es Salaam amachoka mu Lilongwe muno atadzaza, amayi okaoda katundu ku msika wa Kariakoo, anyamata okatenga magalimoto kudoko. Koma afunseni anthu amenewa zomwe anaona kumeneko. Akuuzani mtengo wa belo, mtengo wa matailosi, ndi ndalama zomwe analipira pachipata cha Songwe. Nyanja ya mchere, yomwe ili kamtunda kochepa chabe kuchoka pa Kariakoo, ambiri sanaipondeko.

Ndikudziwa chifukwa ndine mmodzi wa iwo. Ndimagulitsa zitenje ndi nsalu zina mumsika waukulu wa mu Lilongwe, ndipo katundu wanga wambiri ndimakapikula komweko. Kayendedwe kathu n'kodziwika. M'chikwama mumakhala ufa woyera, usipa wouma ndi kapoto. Tikafika timalowa m'nyumba yogona alendo momwe mwadzaza Amalawi anzathu, wina n'kuyatsa mbaula kuseri, nsima n'kupsa, tonse n'kudya tikudandaula za kutentha. Kukacha tili m'mashopu, madzulo tikumanga katundu, kenako pa basi kubwerera. Thupi lapita kunja, koma mimba ndi maso zatsala ku Area 25.

Abambo akunyumba atapuma ntchito m'boma, ndinawauza kuti ulendo wotsatira tipitire limodzi, ndipo katundu ndikamaliza kuoda tiwolokere ku Zanzibar. Nkhani itamveka kwa abale, alamu anga anafunsa ngati kumeneko kwagwa zovuta kapena kuli ukwati. Titati ayi, tikungokaona, anaseka chikhakhali. Amayi ena a kumpingo anati tayamba zachizungu titakalamba. Mawu oti "kuononga ndalama" ndinawamva mpaka kutopa nawo. Komatu anthu omwewa saona vuto munthu akatenga ngongole kuti akaponye ndalama pa perekaniperekani, kapena akasoketsa yunifolomu yatsopano pa chinkhoswe chilichonse. Yunifolomuyo nsalu yake amagula kwa ine, choncho sindikuinyoza. Ndikungodabwa kuti ndalama imaoneka yoonongeka pokhapokha pamene mwamuna ndi mkazi wake afuna kuidyera limodzi.

Sindikunena kuti n'zotchipa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha kunja chimaluma, ndipo za kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki sindichita kukuuzani. Ife tinasunga ku banki m'khonde, titagawana kumapeto kwa chaka n'kuika padera. Chotithandiza n'chakuti Mmalawi safuna viza polowa mu Tanzania, pasipoti yokha basi, ndiponso tinayenda pa basi, osati pa ndege. Tisananyamuke tinapangana zinthu ziwiri. Choyamba, ufa utsala. Chachiwiri, paliponse pomwe tikadye, aliyense aziitanitsa chakudya chosiyana ndi cha mnzake kuti tizilawirana. Choyambacho abambo anachilandira nkhope itagwa. Ndi anthu aja oti akadya mpunga madzulo amati agona ndi njala.

Msewu wake ndi wautali, ndipo sindikubisirani, umathyola msana. Kasungu, Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pa Songwe. Mukawoloka mlatho mwafika pa Kasumulu, ndipo wotchi muikankhire kutsogolo ndi ola limodzi. Kuchoka apo msewu umakwera mapiri a Tukuyu, kobiriwira ndi nthochi ndi minda ya tiyi. Chakudya choyamba cha kwa eni chinatikomera mtima, chifukwa chinali nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi nyama, zomwe abambo anazizindikira msanga kuti ndi mbalagha yomwe ankadya akugwira ntchito ku Karonga. Anthu a tsidya lino ndi tsidya linalo la Songwe ndi amodzi, miphika yawo ikuchitira umboni. Kupitirira Iringa basi imatsika phiri la Kitonga mokhotakhota, pansi pake n'kulowa m'chigwa chodzaza ndi milambe, momwe amagulitsa anyezi m'mphepete mwa msewu milumilu. Kenako msewu womwewo umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Mikumi. Pali zikwangwani zonena chindapusa chomwe woyendetsa galimoto alipire akagunda nyama, iliyonse ndi mtengo wake. Ndikakhala ndekha malo amenewa ndimadutsa ndili m'tulo. Ulendo uno abambo anandigwedeza paphewa, "Mayi, tadzukani muone!" Kunja kunali akadyamsonga atatalika kuposa mitengo, mbidzi, ndi anyani atakhala pamsewu osatekeseka ndi hutala.

Ku Dar es Salaam ntchito yanga ndinaithamangitsa kuti tipeze mpata. M'mawa wina tinakwera basi zothamanga zija za njira yawoyawo, zomwe zinayamba kuyenda mu 2016, mpaka kumapeto kwake ku Kivukoni, komwe kuli msika wa nsomba. Pitani m'mamawa asodzi akungofika. Nsomba amazithira pa matebulo a simenti, wogulitsa akufuula mtengo, amayi atazungulira aliyense akukweza wake, amene wapambana n'kukokolola. Zina ndi zazitali kuposa mwana wa sukulu, zina zofiira, zina zamawangamawanga, ndipo palinso zamoyo zina zoti kwathu kuno mwana atabwera nazo kunyumba mungamuthamangitse nazo. Pafupi pomwepo pali amayi okazinga. Mumagula nsomba yanu, iwo n'kukukazingirani, mukudya ndi chinangwa chokazinga chothira mchere, tsabola ndi ndimu.

Koma chomwe chinanditsegula maso monga mayi wophika ndi kokonati. Tinkadya masana kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu, omwe kumeneko amawatcha mama ntilie, ndipo mmodzi anandilola kukhala naye kuseri ndikuona. Ali ndi kampando kamatabwa kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo. Amakhalira kampandoko, n'kumapala kokonati wosweka pakati pa chitsulocho mpaka zoyera zonse zitagwera m'beseni. Akathira timadzi tofunda n'kufinya, mkaka woyamba umatuluka wokhuthara, amauika padera. Akathiranso madzi n'kufinya kachiwiri umatuluka wopyapyala, ndipo umenewu ndi womwe amaphikira mpunga kapena kuwiritsira nyemba. Wokhuthara uja umalowa kumapeto, ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, moto uli wochepa kuti usadukeduke. Ntchito yomwe nsinjiro imagwira m'khitchini mwathu, kwa iwo imagwiridwa ndi kokonati. Tsiku limenelo anandipakulira chigwada chosinja bwino chotendera kokonati, ndipo ndinachidya ndikuganiza za chigwada cha agogo anga chotendera nsinjiro, osatha kugamula kuti chokoma kwambiri n'chiti. Abambo anaitanitsa pilau, mpunga wofiirira wophikira limodzi ndi nyama ndi zonunkhiritsa, pambali pali tomato ndi anyezi wosaphika wothira ndimu. Anatha mbale yonse, n'kuyamba kutapa m'mbale yanga.

Nsima iliko, asakunamizeni. Amaitcha ugali, ya ufa woyera ndi ya mgaiwa yomwe, koma amaiphika yolimba ndipo amaibweretsa chimtanda chimodzi. Abambo atailawa anati ndi nsima ya munthu wokwiya. Kuyambira pamenepo anasiya kuifunsa.

Ku Zanzibar mumapita pa sitima yapamadzi yothamanga, ulendo wa maola awiri kapena kuchepera pang'ono. Tikiti kaguleni pa ofesi yeniyeni, chifukwa panja pamakhala anyamata ambiri okukokerani uku ndi uku, ndipo dziwani kuti mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa mwini dziko. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomwe kwathu kunyanja kumaomba mwera, kumenekonso nyanja imalusa, choncho amene amachita nseru asadye zamafuta asanakwere. Mukafika padoko amaonanso pasipoti ngakhale simunatuluke mu Tanzania. Chifukwa chake n'chakuti Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika mu 1964 koma inasunga boma lakelake ndi pulezidenti wake.

Mzinda wakale, Stone Town, suyendeka pa galimoto. Tinjira take n'topanikiza ngati ta pakati pa mabenchi mumsika wa Tsoka, nyumba zazitali mbali zonse, njinga zamoto zikukuimbirani belu kumbuyo. Kusochera n'kosapeweka, ndipo mukakhala awiri kumasanduka masewera, wina akuti tadzera apa kale, wina akukana. Zitseko zake n'zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa, zina zokhomedwa zitsulo zonyezimira zosongoka. Kutsogolo kwa nyumba zambiri kuli makonde a miyala pomwe abambo amakhala n'kumamwa khofi wowawa m'timakapu ting'onoting'ono, akulumirira mtedza wophikidwa mu shuga. Abambo akunyumba, omwe Chiswahili chawo chimathera pa moni, anakhala pakhonde lina nthawi yaitali akukambirana za mpira ndi manja. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho mayi avale zobisa mapewa ndi mawondo. Ife a chitenje sitivutika nazo. Ine maso anga anali pa kanga, nsalu zopepuka zomwe amagulitsa ziwiriziwiri, iliyonse ili ndi mawu olembedwa m'munsi. Musagule musanafunse tanthauzo, chifukwa ena mwa mawuwo ndi madalitso pomwe ena ndi mazenge opita kwa mkazi mnzako. Nyumba yotchuka ija ya House of Wonders, yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883, tinangoiona kunja, poti mbali ina inagwa mu Disembala 2020 ndipo inali yotchingidwa akuikonza.

Malo amodzi ndikupempha Mmalawi aliyense wofika pachilumbachi asawalumphe, ndiwo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Mkunazini. Chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa mu 1873. Wotiyendetsa atamva kuti tachokera ku Malawi anaima kaye, n'kutiuza kuti ambiri mwa anthu omwe anagulitsidwa pamenepo anali a kwathu kuno, Anyanja ndi Ayao. Mbiriyi tonse tinaiphunzira kusukulu: Jumbe wa ku Nkhotakota, zombo zowolotsa anthu panyanja yathu, ulendo wapansi wopita ku Kilwa magoli ali m'khosi. Koma kuloweza poyembekeza mayeso n'kwina, kutsika masitepe kulowa m'zipinda zapansi zomwe amaonetsa alendo n'kwinanso. Denga lake n'lofupika moti munthu wamkulu amawerama, mpweya ukulowera pa timipata tating'ono, unyolo uli pomwepo. Panja pali dzenje momwe muli zifaniziro zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, zomwe anaumba mayi wa ku Sweden, Clara Sörnäs. M'tchalitchimo amakuonetsani malo a guwa, pomwe amati panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula, ndipo kuseri kwake kuli manda a Bishopu Edward Steere yemwe anatsogolera ntchito yomanga. Pakhoma pali kamtanda kopangidwa ndi thabwa la mtengo wa ku Chitambo, m'dziko la Zambia, womwe pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873. Abambo ndi amene anandikumbutsa kuti mmodzi mwa anthu omwe ananyamula thupi la Livingstone mpaka ku Bagamoyo, James Chuma, anali Myao yemwe anaomboledwa kwa ogula akapolo ali mnyamata mu 1861, kufupi ndi Magomero. Mishoni yomwe inamanga tchalitchichi, ya UMCA, ndi yomweyo inadzamanga St Peter's ku Likoma.

Titatuluka tinakhala pa benchi osalankhulana. Kenako abambo anayamba kundifotokozera zomwe agogo awo ankasimba za mudzi wawo wakale, momwe anthu ankathawira kuphiri kukamveka mfuti. Takhala m'banja mpaka kuona zidzukulu, koma nkhani imeneyi anali asanandiuzepo. Ndikanapita ndekha, kapena ndi anzanga a geni, ndikanajambula zithunzi n'kubwera nazo pa foni, nkhaniyo ikanatsala m'mimba mwawo.

Madzulo onse a pachilumbapo tinkathera ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja kutsogolo kwa linga lakale. Dzuwa likamapendeka anyamata amathamanga n'kumadziponya m'madzi kuchokera pakhoma, aliyense ndi kadumphidwe kake, anthu akuwakuwira. Kukayamba mdima matebulo amayalidwa, nyale n'kuyatsidwa, ophika atavala zoyera ndi zipewa zazitali. Pamakhala mabanja a eni dziko, agogo, makanda, atsikana ovala mipango, alendo, onse pamodzi, ndipo mowa sagulitsapo.

Matebulo oyamba kukukopani ndi aja odzaza nkhanu ndi nsomba zotungidwa pa timitengo, ndipo oitanira ake ali ndi pakamwa potsekemera. Ine ndinaphunzira kumsika kuti katundu woitaniridwa kwambiri amafunika kumuyang'ana kawiri. Zambiri mwa zimenezo zimakhala zophikidwa kale, akungozitenthetsa, ndipo mtengo umasintha malinga ndi nkhope yanu. Tinayang'ana komwe eni ake afola. Mzere wautali unali pa bambo wina wa chimphika chachikulu cha msuzi wachikasu wotchedwa urojo. Amatenga mbale yakuya, n'kudulira mbatata yakachewere yowiritsa, tizitumbuwa ta ufa wa nyemba tokazinga, dzira lowiritsa kwa amene akufuna, ndi tinthuli ta nyama yootcha tosolola pa kamtengo. Pamwamba amathira msuzi uja, wowawasa ndi mango osapsa ndi ndimu, kenako supuni ya kokonati wosinja, tsabola, ndi chinangwa chokazinga chopalapala kuti pakhale chokhukhuta. Supuni yoyamba imakudabwitsani, simudziwa ngati ndi phala, ndiwo kapena msuzi. Yachitatu mumayamba kuteteza mbale yanu. Abambo anaitanitsa chomwe amachitcha Zanzibar pizza, chomwe sichifanana ndi pizza wa m'masitolo a ku Gateway: ndi mtanda wa ufa wa tirigu wotambasulidwa mpaka kupyapyala, m'kati aikamo nyama yogaya, anyezi, dzira ndi mayonezi, n'kuupinda, n'kuukazinga pachiwaya inu mukuona. Chakumwa chinali madzi a nzimbe. Mnyamata amalowetsa nzimbe m'makina a chogudubuza pamodzi ndi jinja ndi ndimu, madziwo akutsikira m'jagi pompo. Nzimbe timalima ku Dwangwa ndi ku Nchalo, jinja ndi mandimu zili mbwee m'misika yathu, koma ife timangodziwa kutafuna n'kulavula makoko pamsewu.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kulawa pweza, chamoyo chija cha miyendo isanu ndi itatu, chophikidwa mu kokonati pa kalesitilanti kena komwe amadyera ogwira ntchito m'tauni. Chimatafunika ngati nyama yolimbirako, ndipo msuzi wake ndi wabwino zedi. Abambo anakanitsitsa. Anati pangano lathu linali la chakudya, osati zilombo.

Kuminda ya zonunkhiritsa kunja kwa tauni n'koyenera kupitako, makamaka kwa ife ophika, chifukwa zinthu zomwe timazidziwa zili m'timapaketi mumaziona zili pamtengo. Sinamoni ndi khungwa la mtengo. Ma clove, omwe kale analemeretsa mafumu a pachilumbachi, ndi maluwa osamasula omwe amathyoledwa n'kuyanikidwa padzuwa mpaka kuda. Vanila ndi chomera choyanga chomwe duwa lake amachita kulikwatitsa ndi manja limodzilimodzi, n'chifukwa chake amadula. Kumbukirani kusungako ndalama zing'onozing'ono, poti aliyense amene wakukwererani mumtengo kapena kukulukirani chipewa cha masamba amayembekeza kenakake. Za kachilumba ka Changuu, komwe kuli afulu akuluakulu omwe makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919, ndinganene kuti n'kokongola koma boti lake limadula kuyerekeza ndi zomwe mukaone. Amene ndalama zamuchepera akhoza kukusiya osadandaula. Magombe a mchenga woyera aliko ndipo ndi okongoladi, koma munthu amene anasambapo ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, m'madzi opanda mchere oti sakuyabwa m'maso, sangatengeke nawo mtima kwambiri.

Tsopano Akonzi, nachi chomwe chandivutitsa chibwerereni. Chakudya chonse chomwe chinatisangalatsa kumeneko chinali chakudya wamba cha eni ake, chomwe amadya tsiku ndi tsiku, ndipo amachigulitsa mosachita nacho manyazi. Ife chathu timachibisa. Mlendo akafika mu Lilongwe timathamangira kumupatsa tchipisi ndi nkhuku, zomwe akanadya kwawo. Nkhwani wotendera, futali, chigumu, kondowole ndi chambo chowamba, bowa wa nthawi ya dzinja, therere, thobwa wozizira bwino, zonsezi timaziona ngati za kumudzi zosayenera kuonekera pagulu. Alipo malo angapo odyera omwe ayamba kuphika zakwathu masana, ndipo ndimawayamikira, koma dzuwa likalowa mzinda wathu umatseka pakamwa. Mwamuna ndi mkazi wake amene akufuna kukayenda madzulo, kudya kanthu kotentha ndi kuona anthu, apite kuti? Kanyenya wabwino amapezeka ku Bwandilo, sindikutsutsa, koma kumeneko ndi kumalo omwera, ndipo mayi wa msinkhu wanga akakaoneka kumeneko nkhani imakafika kumpingo iye asanafike kunyumba.

Ndikudziwa chomwe akuluakulu a mzinda anganene: ukhondo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatitengera anthu ambiri ndipo palibe amene akufuna ibwerere. Koma yankho la ukhondo ndi mpopi wa madzi, zimbudzi, nkhokwe za zinyalala, magetsi ndi woyendera zaumoyo, osati kuthamangitsana ndi amayi a mandasi m'misewu. Ku Forodhani nakonso kuli anthu osauka ofuna kupeza ya sopo ngati ife, kungoti anapatsidwa malo amodzi, nthawi yodziwika ndi malamulo. Malo otere sakusowa kuno. Kufupi ndi chiliza cha Kamuzu ndi nyumba ya malamulo kuli mabwalo omwe madzulo amangokhala zii. Atati ayese Lachisanu ndi Loweruka lokha, anyamata a chiwaya mbali iyi, amayi a zitumbuwa ndi thobwa mbali iyo, wina wootcha chimanga, wina wa mbatata, apolisi awiri akuyendayenda, mowa osaloledwa, ndikhulupirira mabanja angabwere. Chimodzimodzinso ku Nkhotakota. Mkuyu womwe Livingstone anakumanirana ndi Jumbe ulipo, koma ndi angati mwa ife a mu Lilongwe amene tinapatukirapo popita kunyanja? Mbiri yomwe anthu amalipira ndalama kukaimva ku Zanzibar inayambira kwathu kuno.

Kwa mabanja anzanga, kuyenda awiri si uchi wokhawokha ayi. Mudzakangana za ndalama, za amene wataya risiti, za kuyenda msanga kapena pang'onopang'ono. Ife tinagawana ntchito: kutsitsa mitengo ndi kusunga chikwama ndi ine, poti ndiyo ntchito yanga ya masiku onse, pomwe mapasipoti, matikiti ndi kufunsa njira ndi abambo. Ndalama tinazigawa pawiri kuti wina akaberedwa tisagone panja. Ndinaonanso chinthu china chomwe sindinkachiyembekeza. Kunyumba ine ndi wophika, iwo ndi odikira patebulo, ndipo pamene iwo akudya ine ndimakhala ndikuthamangira zidzukulu. Kwa eni tonse tinali alendo, tikudikira mbale limodzi, ndikuwaona nkhope pamene akulawa chinthu chachilendo. Abambo ambiri a m'maofesi mwayenda maiko ambiri pa misonkhano, n'kubwera ndi malaya ndi mafuta onunkhira a mayi. Tsiku lina m'malo mwa mafutawo mudzawatenge eni akewo.

Amene Zanzibar yamutalikira asataye mtima, kunja kumayambira pafupi. Kuchoka mu Lilongwe kudzera ku Mchinji, Chipata mumafika m'mawa womwewo. Mu Febuluwale kumakhala Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni, ndipo mu Ogasiti Achewa a m'maiko atatu amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Ambiri amapita pa malole a magulu n'kubwerera tsiku lomwelo atadya za m'chikwama. Gonani usiku umodzi, mulowe mumsika, mulawe chikanda chawo ndi ndiwo zawo zotendera. Kudzera ku Dedza mukhoza kufika ku Tete, kukaona mlatho wa pa Zambezi ndi kudya nkhuku yootcha ya piripiri ndi buledi wawo wa Chipwitikizi.

Pempho langa kwa inu Akonzi n'lakuti mutipatseko kadanga m'nyuzipepala muno, ngakhale kamodzi pamwezi, komwe awerengi amene ayenda azilemba m'Chichewa komwe anapita, zomwe anadya, komwe anagona ndi ndalama zomwe anaononga, kuti wina akamakonza ulendo asamadalire mphekesera za pa depoti. Ine ndili ndi mitengo ya basi, ya sitima ndi ya malo ogona yomwe abambo analemba m'kabuku kawo tsiku ndi tsiku, ndipo mukatsegula danga limenelo ndidzakutumizirani.

Mayi wogulitsa nsalu,
Area 25, Lilongwe